Ana Amagona Kumpanda

Lolemba, 23 Sepitembala 1996

Kwayamba kuzizira. Juzi ya chaka chatha ikuthina m'khwapa, buledi wa kuno wandinenepetsa. Sitima ya Metro yodzaza, ndaima kuchokera ku Wheaton mpaka ku Takoma.

Mayi Lydia lero bwino. Phala anamaliza. Anandikalipira kamodzi kokha, nditawabaya ndi pini powaveka kachipewa kawo. Kachipewa koyera, kopyapyala ngati sefa ya tiyi. Akazi a mpingo wawo wa Amenonaiti sakhala opanda iko. Zaka 87, dzina langa amaliiwala m'mawa ndi masana, koma kachipewa kakangopendekeka pang'ono amadziwa. Ndawasamalira kuyambira Epulo. Kusambitsa, kuveka, kudyetsa, kukangana. Pakamwa ali napo, koma ndimawakonda.

Masana kunabwera mwana wawo, bambo Vernon, ndi chipepala chawo chija. Ntchito amagwira ku Greenbelt, kuja amayeza za kumwamba, koma mtima wawo wonse uli pa anthu a pansi pa nthaka. Akulemba buku la makolo a banja la Horst. Chipepalacho atachitambasula chinadzaza tebulo lodyera mpaka kulendewera. Pamwamba penipeni pali Hans, amene anathawa ku Jeremani cha m'ma 1700, nthawi imene anthu a mpingo wawo ankazunzidwa chifukwa chokana kubatiza makanda ndi kugwira mfuti. Anawoloka nyanja, nakalima ku Pennsylvania. Zidzukulu zake zinatsikira kuno ku Maryland, cha ku Hagerstown. Mzere wonse amuna okhaokha, akazi kuwaika m'mbali ngati ndiwo. Ndinawauza kuti kwathu ku Ntchisi timawerenga bele, kutsata amayi, mwamuna ndi mlendo pamudzi. Anaseka mpaka kuvula magalasi.

Bukuli lisindikizidwa kumayambiriro kwa Novembala, kuti aligawe pa msonkhano wa abale pa Thanksgiving, chikondwerero cha kuno chothokoza Mulungu. Likasindikizidwa basi, palibenso kuwonjezera.

Atafika pa makolo awo anawerenga mokweza: "Amos Horst ndi Lydia, ana atatu." Mayi Lydia, amene ndinkayesa akugona: "Anayi." Bambo Vernon anandiyang'ana, diso lija loti mwawamva eti. "Atatu, Amayi. Ruth, ine, Paul." Mayi anatembenukira kuzenera. Chakudya cha madzulo sanachikhudze.

Lachinayi, 26 Sepitembala

Mvula tsiku lonse. Manja a mayi Lydia akayamba kutolatola bulangete ndimawapatsa nyemba kuti asankhe. Ntchito imeneyi sanaiwale, mwana wa mlimi. Zofumbwa uku, zabwino uku, mwachangu kuposa ine.

Lero anapatula nyemba zinayi, naziika pamzere pa epuloni. Chala pa yoyamba: "Rosina." Kenako Ruth, Vernon, Paul. Anabwereranso pa yoyamba ija. Mawu osanjenjemera, maso a munthu amene mutu wake uli wonse. Akuti Rosina anabadwa mu Febuluwale 1931, kufamu kwa apongozi awo, sinowo itatseka msewu. Tsitsi lakuda, lambiri. Anakhala tsiku limodzi. "Mkaka unabwera iye atapita kale. Apongozi anandimanga pachifuwa ndi nsalu ya pilo, kukoka mpaka kubanika. Amos anati tisadzawauze anawa, n'kuwalemetsa chabe. Koma Amos kulibe tsopano."

Ine ndinatani? Ndinakokolola nyemba zija n'kuziponya m'mbale pamodzi ndi zinzake. "Zimenezo sanena, mayi. Tiyeni tikasambe." Anandiyang'ana ngati ndawalanda kanthu m'manja. Ndipo ndinawalandadi.

Sakupeka. Adokotala anene zawo za ukalamba, koma za mkaka zija munthu sapeka. Ndikudziwa ine.

Lamlungu, 29 Sepitembala

Kutchalitchi anabatiza mwana wa a Newton. Kamwana konenepa, kulira ngati mbuzi, anthu kuseka. Ine ndinatuluka, ndinati mutu.

Mwangala, mnzanga wa ku Lusaka amene timakhala naye nyumba imodzi, wapita kokagula zinthu. Ndili ndekha, ndiye ndilemba, poti pakamwa panga sizinatulukepo.

Ntchisi, 1984, nthawi yokolola. Wanga anali mtsikana. Analira kamodzi, kamawu ngati ka mwana wa mphaka, dzuwa lisanalowe anali atazizira. Kwathu mwana wotere amati mtayo. Si maliro. Palibe bokosi, palibe nyimbo, amuna sapitako. Amayi akuluakulu anamukulunga m'kansalu, nakamuika kumphepete kwa manda, dzenje losaya, poti akuti likazama mayi saberekanso. Malo ake sanandionetse. Azakhali anandigwira chibwano: "Usalire, Esnat. Ukalira mimba itseka. Usamutchulenso. Anali mlendo, wabwerera." M'mawa mwake anthu ankandipatsa moni ngati ndadwala malungo.

Ndinamvera zonse. Sindinalire, sindinatchule. Mimba inatsekabe. Mwamuna wanga Yotam anapirira zaka zingapo, kenako anakapeza wobereka ku Mponela. Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Awa agonera zaka khumi ndi ziwiri, sanakomebe.

Mkaka unabwera iye atapita kale. Anandimanga ndi chitenje.

Lachitatu, 2 Okutobala

Dzuwa latuluka, ndayanika bulangete la zigamba la mayi Lydia pakhonde. Anasoka okha pamanja ali mtsikana, nawonjezera zigamba zaka zikupita. Polibweza pabedi anandigwira mkono kuti andionetse. Chigamba chabuluu, diresi la mayi awo. Chotuwa, epuloni ya agogo awo a Barbara, amene sanaphunzire Chingerezi mpaka kufa, ankati Mulungu amamva Chijeremani bwinobwino. Chakuda, cha amayi a agogowo, amene anabwera kuchokera ku Pennsylvania pangolo, atanyamula mbewu ya nyemba m'sokosi.

Ndinati ndi zimenezitu. Mwana wawo akuvutika ndi makalata a ku Jeremani ndi kompyuta kufuna amuna, akazi onse ali pabedi pompano, akufunditsa mwiniwake.

Pakona pali kachigamba kachikasu, kofewa, kansalu ka makanda. Chala chinaima pamenepo. Anakweza maso kundiyang'ana, kudikira kuti ndifunse. Ndinati tiyi wapsa.

Sanadyenso bwino. Ine ndi tiyi wangayo.

Lolemba, 7 Okutobala

Bambo Vernon anabwera ndi zitheba za m'botolo, zochokera kwa msuweni wawo kumudzi. Zothira shuga ndi viniga. Ndiwo shuga! Anthu awa Mulungu awakhululukire. Mayi Lydia anadya ndi zala, kunyambita.

Buku latsala pang'ono. Apeza ngakhale dzina la chombo chimene Hans anakwera, kusangalala kwake ngati apeza ng'ombe yotayika. Anandionetsa ndi chithunzi cha mudzi wake ku Jeremani, nyumba zothithikana, minda ya mphesa. Iwo sanafikeko. Ndinawamvera chisoni pang'ono, munthu kulakalaka kwawo koti ngakhale agogo ake sanakuone.

Ali pakhomo potuluka anandifunsa: "Esnat, inu mumakhala nawo tsiku lonse. Pali dzina limene amatchula loti ine ndilibe? Ngakhale la galu, ndiuzeni."

Ndinati palibe.

Pakamwa panayankha pokha, ndi mawu a azakhali. Mwana wotere sawerengedwa, ndipo si nkhani yokamba ndi mwamuna, makamaka mwana wa mwiniwakeyo. Ndimati ndikuwasungira ulemu mayi. Pa masitepe aatali oyenda okha a pa siteshoni ya Wheaton, akundikweza pang'onopang'ono, ndinazindikira kuti mayiwo sanandipemphe kuti ndiwabisire. Iwo akufuna zimveke.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ndamuuza Mwangala za Rosina, za ine ayi. Anasiya kusita. "Iwe Esnat, that woman azafa na mwana wake mukamwa. Kamba chabe. Uyopa chani, job?" Ndinati si za ntchito. "Manje ni chani?" Ndinapita kukachapa yunifolomu yochapa kale.

Powasambitsa mayi Lydia lero ndinawafunsa mozungulira ngati kwawo khanda likadwala amalibatiza. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. "Madzi a chiyani? Khanda lalakwanji? Ana ndi a Mulungu kale, safuna chiphaso." Akuti makolo awo ena anamizidwa m'mitsinje chifukwa cha mawu amenewa. Kenako anandikalipira kuti madzi azizira.

Ine, mwana wa mkulu wa mpingo, zaka zonsezi ndakhala ndikudzifunsa kuti wanga anapita kuti, wopanda ubatizo, wopanda pemphero. Abusa sindinawafunsepo, ndikanayamba bwanji. Wandiyankha ndi mayi wosadziwa kuti lero n'lachingati, ali m'bafa, sopo ali m'khutu. Ndinawapukuta msana nthawi yaitali kuti asaone nkhope yanga.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Chifuwa chawagwira mayi kuyambira Loweruka. Mankhwala akumwa, koma afooka. Chingerezi chikuthawa. Akuyankhula kwambiri Chijeremani cha agogo a Barbara, chimene ngakhale bambo Vernon sachimva. Ine akunditcha Anna, mkulu wawo amene anamwalira kalekale. Ndikuvomera.

Bambo Vernon anabweretsa masamba oyeserera ochokera kwa osindikiza. Okongola. Zithunzi za azibambo a zipewa zakuda, akazi osamwetulira, ana ambirimbiri osavala nsapato ngati a kwathu. Anawawerengera tsamba lawo. "Ana atatu." Ndinadikira. Mayi sananene kanthu. Nkhope ya bambo Vernon inamasuka: "Mwaona, lero mutu uli bwino."

Pokonza bulangete ndinapeza dzanja lawo pansi pake. Zala zinayi zotambasula, chachikulu chopinda. Anazisiya choncho mpaka kugona.

Pakadafunda padajiwitsa galu. Mawu akatha m'kamwa mwawo, wotsala ndi dzina lija padziko lonse ndine, wa ku Ntchisi, amene ndinati palibe.

Lachinayi, 17 Okutobala

Ndanena.

Kukhitchini, ketulo ili pamoto. Ndinayamba n'kupepesa kuti tsiku lija sindinayankhe zoona. Dzina, mwezi, chaka, sinowo, tsitsi lakuda. Anamvetsera mwaulemu, manja m'thumba. Kenako anandifotokozera mofatsa. Adokotala anawachenjeza kuti okalamba otere amapeka makanda. M'Baibulo la banja dzinalo mulibe. Kumanda a kwawo anapitako, anajambula mwala uliwonse pamzere wa a Horst, Rosina palibe. "Sindingaike m'buku munthu wopanda umboni, Esnat. Bukuli lidzatsala ife titapita." Sakulakwa. Munthuyu ndi wosamala, ndipo amayi ake amawakonda.

Anafunsa kuti nanga ine ndikutsimikiza bwanji.

Ndinayang'ana ketulo. Ndipo ndinanena, m'Chingerezi chothyokathyoka ndi mantha, kwa mwamuna, bwana wanga, zimene sindinakambepo ndi munthu. Kuti mkaka sudziwa kuti mwana wafa. Umabwera ndithu, ndi malungo ake, malaya kunyowa, ndipo amakumanga. Kuti zimenezi sazilemba m'Baibulo, sazikamba patebulo, amazidziwa ndi amene anamangidwapo. "Ine anandimanga ndi chitenje, amayi anu ndi nsalu ya pilo."

Ketulo inalira. Bambo Vernon anaizimitsa, natenga chipewa chawo, natuluka osatsanzika amayi awo.

Mwina ntchito yatha. Azakhali akanamva bwenzi atakomoka.

Lolemba, 21 Okutobala

Zii. Foni osalira, munthu osabwera. Mwangala wandidulira kale malonda a ntchito m'nyuzipepala, wawamata pa fuliji. Mtima wabwino, koma ndinafuna kumugenda nawo.

Mayi akupezako bwino, adya theka la nthochi. Anandifunsa ngati ng'ombe zakamidwa. Ndinati zakamidwa zonse. Anati ndine mtsikana wolimbikira, ndidzapeza mwamuna.

Lachitatu, 23 Okutobala

Bambo Vernon aimba foni. Anafunsa mlongo wawo Ruth ku Ohio. Sakudziwa kanthu, koma akuti Febuluwale aliyense amayi awo ankaphika keke yaing'ono, pomwe panyumba panalibe wobadwa mwezi umenewo, bambo awo n'kumadya osayankhula.

Loweruka tipita kumanda, adokotala alola bola mayi afunde. "Akatilozera, ndilemba. Akapanda kutero, tisadzaikambenso." Ndavomera. Mtima uli m'mwamba. Mayiwa dzulo sanazindikire bafa lawo lomwe, nanga kamanda ka 1931?

Loweruka, 26 Okutobala

Ndikulemba ndisanavule nsapato.

Tinanyamuka m'mawa. Ndinawaveka diresi lawo lotuwa, masokosi awiriawiri, kachipewa ndinakakhazika mowongoka, pini sinawabaye. Njira yonse tulo. Kupitirira Frederick mapiri, mitengo yofiira ndi yachikasu, kenako minda ya chimanga chouma, ng'ombe zamkaka, nkhokwe zazitali ngati nsanja. Fungo la ndowe linalowa m'galimoto, mayi anadzuka nalo. "Wina wathira manyowa mochedwa," anatero, n'kugonanso.

Tchalitchi chawo ngati sukulu ya pulayimale. Choyera, chopanda mtanda, chopanda belu. Manda kuseri. Miyala yofanana msinkhu, yopanda maluwa, wolemera ndi wosauka osasiyana. Ndinaganiza za ziliza za matailosi zimene zayamba kwathu.

Bambo Vernon anakankha mpando wa matayala mpaka pamzere wa a Horst. Anawawerengera: agogo, apongozi, Amos, ndi malo opanda kanthu pambali pake. Mayi anangoyang'ana. Anafunsa ngati basi yafika. Anafunsanso. Mphepo, mphuno yawo ikuchucha, ine ndikupukuta. Tinayenda mzere wonse, kubwerera. Palibe. Bambo Vernon sanandinyoze, anangoti, "Tiyeni, azizidwa." Anatembenuza mpando.

Ndinagwada kutsogolo kwawo ngati ndikukonza bulangete. M'thumba la juzi ndinali ndi nyemba zinayi, ndinazitenga dala m'mawa. Ndinaziika pamiyendo pawo. Chala chinapita chokha pa yoyamba. Ndinatchula dzina limene ndinawaletsa ndekha: "Mayi, Rosina ali kuti?"

Anandiyang'ana, nayang'ana mwana wawo, mokwiya ndithu. "Nanga mukumufuna kuno kwa akuluakulu? Ana sagona kuno. Ana amagona kumpanda."

Kumpanda, kumapeto kwenikweni, kumene bambo Vernon ankayesa ndi miyala ya malire. Timiyala tating'ono pamzere, tina tomira m'udzu, topanda mayina, zilembo ziwiri ndi chaka basi. Kale kumeneko makanda ankawaika pamzere wawowawo. Matayala ankatitimira, tinachita kunyamula mpando awiri. Mayi akulamula ngati kapitawo: pitirirani, pitirirani, pafupi ndi mtengo. Mtengowo kulibe, chatsala n'chitsa.

Bambo Vernon anagwada ndi thalauza lawo labwino, napala ndere ndi kiyi wa galimoto. R. H. 1931. Anayendetsa chala pa zilembozo. Akuti kasemedwe kameneko n'komwe kali pa bokosi la zipangizo la bambo awo, amene anali kalipentala. Bambo awowo anasema okha. "Ndili ndi mlongo wina," anatero, bambo wamkulu imvi zili mbuu. Ananenanso kachiwiri, ngati akudziphunzitsa.

Mayi anayamba kanyimbo ka Chijeremani, kotonthoza mwana, mawu ang'onoang'ono.

Ine sindikudziwa chinachitika n'chiyani. Ndinangopezeka ndakhala pa udzu wonyowa, miyendo tambalale ngati pamaliro a kwathu, ndikulira mokweza. Kulira kwenikweni, kwa ku Ntchisi, kwa mayo ine. Amenonaiti salira choncho, ng'ombe za tsidya la mpanda zinadzutsa mitu. Ndinalephera kusiya. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndinalira pa kamwala ka mwana wa eni.

Dzanja linandigwira pamutu. Mayi Lydia. Sanati Anna, ananditchula dzina langa. "Esnat. Wolira chonchi ali ndi wake. Dzina lake ndani?"

Ndinati analibe dzina.

"Bodza," anatero. "Onse amakhala nalo."

Ndinadzuka, n'kugwira mpando wawo. Pobwerera bambo Vernon anandipatsa mpango wawo wa m'thumba, anatigulira tiyi panjira ya ku Takoma Park. Mayi anagona nyemba zili m'manja.

Lachisanu, 1 Novembala

Osindikiza ang'ung'udza koma asintha tsamba. Bambo Vernon anabwera nalo, anakhala m'mphepete mwa bedi, nawerenga pang'onopang'ono: "Amos Horst ndi Lydia, ana anayi." Mayina onse, kuyambira woyamba. Mayi maso otseka. Ndimati sanamve. Kenako: "Mwachedwa nazo." Tinaseka awiri tonse mpaka misozi.

Chifuwa chabwerera. Akudya ngati mbalame.

Lachiwiri, 12 Novembala

A Ruth afika kuchokera ku Ohio, akugona pa sofa. Nkhope ya amayi awo, pakamwa pomwe. Andiphunzitsa kale kupinda matawulo.

Mayi sakudzukanso pabedi. Madzi ndi supuni. Masana ndikuwapaka mafuta kumapazi anatsegula maso, owala bwinobwino. "Dzina lija?" Ndinayang'ana kukhomo, a Ruth anali kukhitchini. Linafika pammero, ndinalimva. Ndinati ndidzakuuzani mawa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Wamakani ngati Amos."

Lamlungu, 1 Disembala

Mawa lija sanayankhulenso. Anatisiya pa 19 Novembala, m'mawa, ndikuwapesa tsitsi. Dzina lija sindinawauze. Chimenechi chikundiwawa kuposa imfayo.

Kachipewa komaliza ndinawaveka ndine, a Ruth anandipempha. Bokosi la matabwa wamba. Nyimbo zopanda limba, mpingo wonse ngati kwaya. Manda anakwirira ana awo ndi ana a ana awo, kulandirana fosholo. Kwathu imeneyo ndi ntchito ya adzukulu okumba manda, abale enieni sagwira khasu. Nanenso anandipatsa fosholo, ndinaponya dothi. Ndisanakwere galimoto ndinapita kumpanda. Pa kamwala paja udzu ndi wometa tsopano.

Mawa ndiyamba kwa bambo wina wokalamba ku Greenbelt, akuti amaluma. Tikaonana.

Dzulo bambo Vernon anabwera kuno ku Wheaton ndi buku. Lolemera, lachikuto chobiriwira. Mwangala anawapatsa tiyi m'kapu ya alendo. Tsamba lake ndinalipeza ndekha. Rosina, Febuluwale 1931, anakhala tsiku limodzi. Mzere umodzi pakati pa anthu mazanamazana ochokera kwa Hans. Wakwana bwinobwino, sanapanikize aliyense.

Potuluka anati, "Munati kwanu mumawerenga kutsata amayi. Mudzandilembere tsiku lina, ndione mmene zimayendera."

Mwangala watsogola kutchalitchi, ndati ndimupeza. Ndiyesere pano kaye.

Anachisale anabala Anambewe.

Anambewe anabala Anankhoma, mayi anga.

Anankhoma anabala Emmie, nabala Esnat.

Esnat anabala

Dzanja likukana. Dzinali ndinalisankha mimba ili ya miyezi isanu, ndikupalira chimanga. Sindinauze ngakhale Yotam.

Esnat anabala Modesta, Meyi 1984. Anakhala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Ndalitchula mokweza, m'nyumba mopanda munthu. Denga silinagwe. Mayi Lydia, mwamva? Modesta.